Mafuta a achemwali anadikira Okutobala

Achemwali anga anabadwa ndi khungu lachialubino. Iwo ndi oyamba kubadwa kwathu, ine ndine chitsiriza, ndipo bambo athu anamwalira ndisanayambe sukulu. Kwathu ndi kwa Nthache, kumudzi kumene pafupifupi banja lililonse lili ndi mitengo ya manachesi kuseri kwa nyumba. Nkhani imene ndikulembayi ndimayinena kawirikawiri ndikakwiya, ndipo anzanga a pa boda anatopa nayo. Amati ndiiwale. Ine sindinapemphe munthu kuti andithandize kuiwala.

Munthu asandiuze kuti amayi anga anali osasamala. Anthu a m'mudzi ankawanena kuti amalera mwana ngati dzira, ndipo amayi ankayankha kuti dzira lake ndi lawo. Ankawasokera achemwali malaya a manja aatali, anawalukira chipewa chachikulu cha mlaza chimene chinkaphimba mpaka m'mapewa, ndipo akamva kuti kuchipatala kwabwera mafuta odzola oteteza khungu ku dzuwa ankasiya khasu m'munda n'kupita wapansi. Mafutawo sankapezeka nthawi zonse. Akapezeka, achemwali ankadzola m'mawa uliwonse mpaka botolo litatha, kenaka n'kudikira ena. Umu ndi mmene tinkachitira, ndipo achemwali anafika pa umayi khungu lawo lili ndi timadontho chabe.

Kenaka nyengo inayamba kutitembenukira. Mvula imene inkabwera titamaliza kugalauza inayamba kubwera mbewu zitauma m'maenje, kapena kubwera yonse pakamodzi n'kukokolola mizere. Tinkabzala kawiri, chaka china katatu. Dzuwa la Okutobala linkafika poti nkhuku zinkangoyasama pansi pa nkhokwe. Chimanga chitayamba kuthera m'manja, amayi anachita zimene akazi anzawo ankachita: anayamba kuotcha makala kuphiri, ine n'kumawanyamulira matumba pa njinga Loweruka. Masiku enawo ndinkagwira ntchito pa boda, kuthamangitsa mapepala a katundu wa mathiraki opita ndi kuchokera ku Zobue.

Tsiku lina kunabwera uthenga woti ku Thambani kuli msonkhano wa za nyengo, ndipo aliyense wootcha makala apite. Ndinawakweza amayi pa njinga. Tinapeza galimoto yoyera itaima pansi pa mtengo, zimkuzamawu zikulira, anthu atagawiridwa masikipa. Wolankhula anali mnyamata wa bungwe lina la ku tawuni, wovala nsapato zosongoka zimene zinali zisanaponde matope chigulireni. Ananyamula chithunzi cha dziko litavala chipewa chong'ambika pamwamba. Anati kumwamba kuli chotchinga chotchedwa ozoni, chotchingacho chabooka, ndipo amene achibowola ndi ife ndi utsi wa makala athu. Anati kutentha konse kumene tikumva kukulowera pa chibowocho, n'chifukwa chake mvula yasokonekera. Ankalankhula mosadodoma, Chichewa pang'ono Chingerezi pang'ono, ndipo anthu ankagwedeza mitu. Akuluakulu amati mlendo ndi amene amabwera ndi kalumo kakuthwa, ndipo ife tonse tinakhala pansi tsiku limenelo kuyembekeza kumetedwa.

Itafika nthawi ya mafunso, amuna anafunsa za mbande za mitengo ndi za masikipa amene sanakwane. Amayi anga, amene sankakonda kulankhula pagulu, anaimirira n'kukonza chitenje.

"Pepani bambo," anatero. "Ine ndili ndi mwana wachialubino. Khungu lake limapsa ndi dzuwa. Kodi chimene chimamuotchacho chikulowera pa chibowo chomwecho?"

"Eya mayi, ndi zomwezo," anayankha mnyamatayo. "Zonse ndi chinthu chimodzi. Kukatentha kwambiri muzimusamala mwanayo."

Anayang'ana kale kwa wofunsa wina amayi asanakhale pansi. Funso la moyo wa munthu analiyankha ngati akuthamangitsa ntchentche, ndipo ndikakumbukira nkhope yake yosekererayo mtima umandiwirabe. Akanangoti sindikudziwa, mukafunse kuchipatala. Palibe akanamulanda nsapato zake chifukwa cha mawu amenewo.

Pobwerera, titawoloka mtsinje, amayi anandiuza kuti Loweruka ndisabwere kudzanyamula makala, chifukwa sadzaotchanso. Anati sangamabowole kumwamba ndi manja awo, moto n'kumagwera pa mwana wawo yemwe. Ndinayesa kuwakumbutsa kuti m'nkhokwe mulibe kanthu, koma amayi akanena chinthu ndi mawu otsika, chimakhala chatha. Uvuni umene anali ataunjika kale anapatsa mnzawo.

Chinthu chachiwiri anachiganiza okha, ndipo anachiganiza ngati mlimi. Kwathu munthu wanzeru sadya chimanga mosasamala nthawi yokolola. Amadya mbatata, maungu ndi chinangwa, chimangacho n'kusungira Januwale ndi Febuluwale pamene njala imaluma. Amene amatha nkhokwe m'Juni timamuseka. Tsono amayi anati, ngati chimene chimaotcha khungu ndi kutentha, ndipo mafuta ndi osowa, bwanji tikuwamwaza m'miyezi yozizira? Kuyambira chaka chimenecho, botolo lililonse limene ankalandira nyengo yachisanu linkalowa pansi pa zovala m'sutikesi, kudikira Okutobala. Achemwali anavomera. Inenso ndinaona kuti n'zomveka, ndipo akazi oyandikana nafe anawayamikira amayi kuti ndi odziwa kusunga.

Makala atasiyidwa, chimene chinatsala chotidyetsa chinali manachesi. Manachesi a ku Mwanza amapsa nyengo yachisanu, kuyambira chakumapeto kwa Meyi mpaka Ogasiti, pamene mitambo imagona pamapiri ndipo kamvula ka chiperoni kamawaza osaleka. Amayi ankathyola, achemwali ankagulitsa. Panalinso chifukwa china chimene achemwali anapatsidwira ntchito imeneyi. Zinali zaka zija anthu oipa mitima ankasaka anzawo achialubino ngati nyama, ndipo achemwali sakanatha kulawirira kumunda mbandakucha kapena kukagwira ganyu kutali monga akazi ena. Amayi anati malo abwino ndi pamsewu, poyera, pamene maso a anthu ndi ambiri. Ganizirani zimenezo. Munthu anabisidwa kwa anthu anzake pomuika pa dzuwa tsiku lonse, ndipo tinkathokoza Mulungu kuti tapeza pomubisa.

Achemwali ankakhala chakufupi ndi boda, pamene mathiraki amandandalika podikira mapepala. Ankaunjika manachesi m'timilu pa thumba, ndipo madalaivala ankawadziwa chifukwa sankabisa owola pansi pa mulu. Chipewa cha mlaza chinkatsala kunyumba, chifukwa mphepo inkachiulutsa ndiponso anthu akanaseka munthu wovala chipewa cha dzuwa kukuzizira. Ankamanga duku, kuvala juzi, n'kufunda chitenje m'miyendo. Makutu, khosi, milomo ndi kunja kwa manja zinali pamtunda kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Masana ndinkapita kukakhala nawo pang'ono, iwo n'kundisendera nachesi.

"Achimwene, mukudya phindu langa," ankatero. "Anthu a mapepala inu mumangodziwa kutenga."

"Ndikuyesa ngati ndi otsekemera, achemwali. Mbiri ya malonda anu ili m'manja mwanga."

Dzuwa likang'amba mitambo pang'ono, ankasuntha thumba lawo kulitsata kuti aothere. Ndinawaona ndi maso angawa akuchita zimenezi, akutembenuzira nkhope kumwamba, maso atatsinzina, akusangalala.

Okutobala akafika, amayi ankatsegula sutikesi ndipo mwambo unkayamba. Achemwali ankadzola m'mawa ndi masana, chipewa chinkabwerera pamutu, ndipo sankaloledwa ngakhale kukatunga madzi dzuwa lili paliwombo. Miyezi imeneyo manachesi kunalibe, choncho ankakhala pakhonde, pamthunzi, atadzola bwinobwino.

Chilonda chinayamba pa nsonga ya khutu lakumanzere. Kanali kankhanambo chabe, kouma, konga kamene kamatsala ukadzikanda ndi munga. Amayi anati ndi chisanu, popeza nyengo imeneyo aliyense milomo ndi zidendene zimang'ambika. Anapakapo mafuta wamba ogula pa okala. Kankhanambo kankachoka n'kubwerera. Nyengo yachisanu yotsatira kanakula, kanayamba kutuluka magazi akakagunda ndi duku, ndipo anapakapo mankhwala ofiirira aja a zilonda. Achemwali anayamba kumanga duku motsitsa mbali imodzi kuti ogula asaone. Sankadandaula. Munthu amene wakula akulozedwa zala amaphunzira kusawonjezera anthu chonena.

Zinapita nyengo zingapo choncho. Tsiku lina nditakhala nawo pamsewu ndinamva fungo limene silinali la manachesi, ndipo nditawapempha kuti amasule duku ndinaona kuti theka la khutu ladyeka. Pansi pa chibwano panali chotupa cholimba. M'mawa mwake ndinapita nawo kuchipatala, ndipo kumeneko sanachedwe nafe, anatitumiza ku Blantyre.

Dokotala amene anationa anali mayi wachikulire, wa mawu ofatsa. Atayang'ana khutu ndi kugwira khosi, anafunsa achemwali ngati amalandira mafuta oteteza ku dzuwa.

"Ndimalandira, adokotala, akapezeka."

"Mumadzola tsiku lililonse?"

"Nthawi yotentha ndimadzola. Nthawi yozizira timasunga."

Dokotala anaika cholembera pansi. Anafunsa kuti anatiuza zimenezo ndani, ndipo ine ndinafotokoza za msonkhano wa ku Thambani, za chibowo ndi za makala. Anamvetsera mpaka ndinamaliza, kenaka analankhula pang'onopang'ono ngati akuopa kutipweteka.

"Pali zinthu ziwiri, ndipo anthu ambiri amaziphatikiza," anatero. "Kutentha kumene kwasokoneza mvula kumabwera chifukwa utsi wa magalimoto, mafakitale ndi moto waunjikana mumlengalenga, ndipo ukusunga kutentha ngati bulangete. Chimenecho ndi china. Koma m'kuwala kwa dzuwa muli mphamvu ina imene simungaione, simungaimvenso pathupi kuti ikuotcha. Imeneyo ndi imene imadya khungu, ndipo ndi imene ozoni amatchinga. Ilibe ntchito ndi kuzizira. Imadutsa m'mitambo, m'Juni imafika, m'Julaye imafika. Kuno kwathu dzuwa limayenda pamwamba pa mitu yathu, choncho ndi yambiri chaka chonse, kaya kumwamba kwabooka kaya ayi."

Achemwali anafunsa ngati makala a amayi anabowoladi kumwamba. Dokotala anapukusa mutu. Anati utsi wa makala umawonjezera kutentha, ndipo kudula mitengo n'koipa, koma chimene chinadya ozoni ndi mpweya wina umene unkaikidwa m'mafiriji akale ndi m'makina oziziritsa m'nyumba. Anati chibowo chenichenicho chili kutali kummwera, kudziko la madzi oundana, ndipo mayiko atasiya kupanga mpweyawo chinayamba kutsekeka pang'onopang'ono. Pamene ziwirizi zimakumana, anatero, ndi poti mpweya wa m'mafiriji womwewo umasunganso kutentha. Kenaka anatiuza dzina la matenda a achemwali, kuti ndi khansa ya pakhungu, ndi kuti khutu liyenera kudulidwa.

Ndinatuluka panja chifukwa ndinkaopa kuti ndiswa chinthu cha boma. Mafiriji. Ine amene ndakhala zaka ndikuthamangitsa mapepala a mathiraki odzaza mafiriji akale, otayidwa ndi eni ake kumayiko ena, ndinali ndisanamvepo kuti ali ndi mlandu. Amayi anga sanakhalepo ndi firiji, ngakhale magetsi. Madzi ozizira amawadziwa a mumtsuko. Koma ndi iwo amene anaimikidwa pa bwalo n'kuuzidwa kuti abowola kumwamba, ndipo anakhulupirira chifukwa wonenayo anabwera pa galimoto. Sindikuikira kumbuyo makala. Phiri lathu lameteka ndipo ndikudziwa amene analimeta. Koma munthu umuuze mlandu wake weniweni, osati kumusenzetsa wa anthu ena kuti ulendo wako uoneke kuti waphula kanthu. Amati safunsa anadya phula, nanga amayi anga si anafunsa? Anaimirira pamaso pa amuna onse aja n'kufunsa, ndipo phulalo anachita kupatsidwa m'manja.

Pobwerera m'chipindamo ndinapeza achemwali akumanga duku. Anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Achimwene, zimene wanena dokotalayu amayi asazimve."

"Achemwali, akuyenera kudziwa kuti anawanamiza."

"Akadziwa, khutu limera? Mudzawauze kuti ndi matenda basi. Mukawauza zinazo, ine ndi inu tadana."

Ndinalonjeza, ngakhale mkwiyo unkafuna pothawira. Anawachita opaleshoni mu Seputembala. Anachotsa khutu lonse ndi chotupa cha m'khosi, koma pambuyo pake dokotala anandiitanira pambali n'kundiuza kuti matendawo anali atalowa kale m'kati, ndipo chimene chatsala ndi kuchepetsa ululu. Achemwali anauzidwanso, chifukwa anafunsa okha. Manachesi a chaka chotsatira sanawaone.

Amayi anabwera kudzadikirira matenda. Ankagona pansi pafupi ndi bedi, ankaphikira kumalo kumene odikirira odwala amaphikira, ndipo ine ndinasunga pakamwa panga monga ndinalonjezera. Koma m'chipatala chinsinsi sichikhala. M'mawa wina namwino anasonkhanitsa odikirira onse pakhonde kuti awaphunzitse za kasamalidwe ka khungu, popeza m'chipindamo munali odwala achialubino angapo. Ine ndinali nditangofika ndi phala. Namwinoyo ananena momveka bwino kuti mafuta oteteza ku dzuwa adzoledwe tsiku lililonse, kaya kuli mitambo, kaya kukuzizira, ndi kuti zilonda zambiri zimayamba nyengo yachisanu pamene anthu amaleka kudziteteza. Ndinaona amayi akukweza dzanja pang'ono, kenaka n'kulitsitsa. Phunziro litatha anakhalabe pa benchi anthu onse atachoka, manja ali pa maondo.

Masana anandiuza kuti ndiwakweze minibasi ya ku Mwanza, ali ndi chokatenga kunyumba. Ndinawauza kuti ndipita ine, anakana. Anabwerera mawa lake dzuwa litapendeka, atanyamula kamtolo ka chitenje, ndipo atakamasula pa bedi munali mabotolo onse amene anasunga chisanu chimenecho, osatsegula.

M'chipindamo munalibe dzuwa. Bedi la achemwali linali pakona, kutali ndi zenera. Amayi anatsegula botolo, anathira mafuta m'dzanja, n'kuyamba kuwadzoza achemwali kunja kwa manja, chala chimodzichimodzi, kenaka m'mikono. Namwino wina amene ankadutsa anaima n'kuyamba kunena kuti m'nyumba safunika, koma achemwali anamuyang'ana n'kunena kuti, "Asiyeni." Namwinoyo anapitirira.

Amayi anadzoza pamphumi, pamphuno, m'masaya. Dzanja lawo linayenda mpaka linafika kumanzere, pamene panali bandeji yoyera yophwatalala, ndipo linaima m'malere mafuta ali ku zala. Ine ndinayang'ana pansi, ndipo mumtima ndinkatukwana munthu amene dzina lake sindikulidziwa mpaka lero.

Achemwali anatembenuza mutu pa pilo pang'onopang'ono, popeza khosi linkawawa, mpaka mbali yakumanja inaonekera.

"Dzozani linalo, amayi," anatero. "Lilipo."

Amayi anadzoza khutulo, kutsogolo ndi kuseri komwe, ndipo atamaliza anayambiranso.